Funso loti Baibulo linasinthidwa tiliyankhe titatsegula tsamba

A Mkonzi,

Tiloleni tiyankhule kudzera m'nyuzipepala yanu ndi anzathu amene timaphunzitsa mawu a Mulungu kuno ku Mchinji: akulu a mpingo, akatekisiti, aphunzitsi a Sande sukulu, atsogoleri a miphakati ndi a magulu a achinyamata. Pali funso limene likutigwetsa pafupipafupi, pamene yankho lake lilipo ndipo si lovuta kuliphunzira.

Zimachitika motere. Tsiku la msika pa Kamwendo, pakhonde la golosale, mnyamata atulutsa foni n'kuuza mkulu wa mpingo kuti: "Abambo, tandiwerengereni Mateyu 17 ndime 21." Mkuluyo alandira foni, chala chitsika, 19, 20, kenako 22. Abwereranso m'mwamba, ayambirenso, 21 palibe. Mnyamata asintha n'kutsegula Baibulo lachingerezi la King James, ndime ija ilipo, yonena za kupemphera ndi kusala kudya. Anthu ayamba kuunjikana. Pamenepo mkulu uja amasankha chimodzi mwa ziwiri: kunena kuti Mabaibulo a pa foni ndi a satana, kapena kukalipira mwanayo kuti asamafunse zinthu zotere. Mayankho onse awiri ndi olakwika, ndipo mnyamatayo amachoka atatsimikiza kuti mpingo ukubisa kanthu. Kutsutsa galu n'kukumba. Tiyeni tikumbe.

Choyamba kudziwa n'chakuti Mateyu sanalembe manambala. Ngakhale Paulo kapena Yesaya sanalembe mitu ndi ndime. Mitu imene tikugwiritsa ntchito inagawidwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1200, ntchito imene imatchulidwa kuti ndi ya Stephen Langton, yemwe anadzakhala mkulu wa mabishopu ku Canterbury. Manambala a ndime za Chipangano Chatsopano anaikidwa ndi wosindikiza mabuku Robert Estienne mu 1551. Iye anaika manambalawo pa mawu a Chigiriki amene anali nawo m'manja nthawi imeneyo. Tsono ngati akatswiri apeza pambuyo pake kuti chiganizo china mulibe m'makope akale kwambiri, sangasinthe manambala a ndime zonse zotsatira, chifukwa dziko lonse linazolowera kale kuti Yohane 3:16 ali pamene alipo. Amangodumpha nambala imodziyo n'kuika chiganizocho m'mawu a m'munsi mwa tsamba. Kudumpha kuchoka pa 20 kupita pa 22 ndi chizindikiro choti omasulira akukuuzani poyera kuti apa pali nkhani. Wakuba sasiya chikwangwani pamene waba.

Nanga makopewo anasiyana bwanji? Aliyense amene anaimbapo kwaya akudziwa. Nyimbo imodzi ikopedwa pamanja m'makope a oimba khumi. Wina adumpha mzere chifukwa mizere iwiri yathera mawu ofanana, diso lake lalumphira pa wachiwiri. Wina alemba "Ambuye Yesu" pamene mwini nyimbo analemba "Yesu" yekha, chifukwa pakamwa pake panazolowera choncho. Wina alemba m'mphepete kuti "kubwereza kawiri", ndipo mwana wokopera kwa iye aika mawuwo m'kati mwa nyimbo. Mukasonkhanitsa makope khumiwo patebulo, simuvutika kuona amene anaphonya ndi pamene anaphonyera, chifukwa onse sangaphonye malo amodzi mofanana. Mukanakhala ndi kope limodzi lokha, simukanadziwa n'komwe kuti muli cholakwika. Baibulo linkakopedwa chotero, pa gumbwa ndi pa zikopa, kwa zaka zoposa 1,000 makina osindikizira asanabwere m'zaka za m'ma 1450. Lero tili ndi makope a Chigiriki a Chipangano Chatsopano oposa 5,000, ena athunthu, ena tizidutswa. Kusiyana kwa makopewa n'kochuluka, tisanamize anthu kuti kulibe, koma kwakukulu ndi kwa kalembedwe ka mawu ndi kasanjidwe kake, zimene sizioneka n'komwe mukamasulira m'Chichewa.

Apa ndi pamene King James amasiyanirana ndi Mabaibulo atsopano. Mu 1516 katswiri wa Chigiriki wotchedwa Erasmus anasindikiza Chipangano Chatsopano cha Chigiriki ku Basel, pogwiritsa ntchito makope ochepa, osakwana khumi, olembedwa mochedwa, cha m'zaka za m'ma 1100 kupita m'tsogolo. Kope lake la Chivumbulutso linalibe tsamba lomaliza, moti ndime zomalizira anazibweza m'Chigiriki kuchokera ku Chilatini. Ntchito yakeyo, itakonzedwa ndi ena, ndiyo inakhala maziko a King James ya 1611. Pambuyo pake kunaoneka makope akale kwambiri. Codex Sinaiticus, ya m'zaka za m'ma 300, inadziwika kudzera mwa Constantin von Tischendorf, amene anaiona ku nyumba ya amonke ya St Catherine m'tsinde mwa phiri la Sinai mu 1844 ndi 1859, ndipo mbali yake yaikulu ili ku British Library ku London. Codex Vaticanus, ya nthawi yomweyo, ili ku laibulale ya ku Vatican. Kachidutswa ka Yohane 18 kotchedwa P52, kosungidwa ku Manchester, akatswiri ambiri amati n'ka m'zaka za m'ma 100. Omasulira a lero akatsata makope amenewa, ndiye kuti akubwerera m'mbuyo pafupi ndi atumwi. Funso lenileni silakuti anachotsa ndani, koma lakuti chiganizocho chinalowa liti.

Ndime zodumphidwa zimene zimatchulidwa kawirikawiri ndi 16, ndipo mphunzitsi aliyense azilembe m'kati mwa chikuto cha Baibulo lake: Mateyu 17:21, 18:11 ndi 23:14, Marko 7:16, 9:44, 9:46, 11:26 ndi 15:28, Luka 17:36 ndi 23:17, Yohane 5:4, Machitidwe 8:37, 15:34, 24:7 ndi 28:29, Aroma 16:24. Zambiri mwa izo zili kwina m'Baibulo lomwelo. Mateyu 18:11, yonena kuti Mwana wa Munthu anadza kudzapulumutsa chotayika, ili pa Luka 19:10 ndipo palibe amene anaikhudza. Marko 9:44 ndi 46 ndi kubwereza chabe kwa ndime 48. Marko 11:26 mudzaipeza pa Mateyu 6:15. Wokopa amene ankadziwa Uthenga wina pamtima ankadzaza pamene ankaona ngati paperewera, monga woimba uja.

Mateyu 17:21 inachokera pa Marko 9:29. Koma chenjerani apa, chifukwa wofunsa wochenjera adzakuonetsani kuti pa Marko 9:29 pomwepo Mabaibulo atsopano ambiri amangoti kupemphera, osatchula kusala kudya. N'zoona, Sinaiticus monga inalembedwera poyamba ndi Vaticanus zilibe mawu amenewo. Mauthenga amene amayenda pa WhatsApp amati omasulira anachotsa dala kusala kudya kuti Akhristu afooke. Ngati chinali chiwembu, chinali cha anthu aulesi, chifukwa anasiya Mateyu 6:16 mpaka 18 pamene Yesu akuphunzitsa kasalidwe koyenera, anasiya Yesu akusala masiku 40 m'chipululu, anasiyanso mpingo wa ku Antiokeya ukusala pa Machitidwe 13. Tsegulani malo amenewa pa foni yake yomweyo, awerenge yekha mokweza.

Zina zilibe mnzake kwina, ndipo tinene choncho. Yohane 5:4, ya mngelo wovundula madzi a thamanda, ikuoneka ngati kufotokozera kumene wina analemba pofuna kumveketsa mawu a wodwala uja pa ndime 7. Machitidwe 8:37, chivomerezo cha mdindo wa ku Itiyopiya asanabatizidwe, n'chakale ndithu, Irenaeus, bishopu wa mpingo wakale, ankachidziwa cha m'ma 180, koma mulibe m'makope a Chigiriki akale kwambiri.

Pali malo atatu olemera kuposa onsewa, ndipo mphunzitsi amene sawadziwa adzagwidwa nawo tsiku lina. Oyamba ndi mathero a Marko, 16:9 mpaka 20. Sinaiticus ndi Vaticanus zimathera pa ndime 8, amayi akuthawa kumanda ndi mantha. Eusebius ndi Jerome, akatswiri a mpingo a m'zaka za m'ma 300 ndi 400, analemba kuti makope ambiri a Chigiriki a m'masiku awo ankathera pomwepo. Komabe Irenaeus anagwira mawu a ndime 19, kusonyeza kuti mathero aataliwo analipo kale m'zaka za m'ma 100. N'chifukwa chake Mabaibulo ambiri amawasindikiza koma ndi chenjezo. Wina akanena kuti ndiye kuuka kwa Yesu kunachita kuwonjezedwa, muonetseni ndime 6, imene ili m'makope onse, pamene mnyamata wovala zoyera akuuza amayi kuti wauka. Muonetseninso 1 Akorinto 15, kalata yolembedwa m'zaka za m'ma 50, Uthenga wa Marko usanalembedwe. Ndipo poti tafika pano, mlaliki wofuna kugwira njoka chifukwa cha ndime 18 adziwe kuti waimika moyo wake pa ndime zimene omasulira eni ake anaziika chizindikiro.

Achiwiri ndi nkhani ya mayi wogwidwa m'chigololo, Yohane 7:53 mpaka 8:11. Mulibe m'makope akale kwambiri a Yohane, ndipo m'makope ena imapezeka pambuyo pa Luka 21:38. Nkhani yosamuka malo chotere ndi nkhani imene mpingo unkaikonda n'kumaisakira pokhala. Ilalikidwe, koma mlaliki adziwe mbiri yake.

Achitatu ndiwo atipweteka kwambiri ife eni. Pa 1 Yohane 5:7, King James imatchula atatu ochitira umboni kumwamba, Atate, Mawu ndi Mzimu Woyera. Mawu amenewa mulibe m'makope akale a Chigiriki. Anayambira m'makope a Chilatini, ndipo Erasmus mwini sanawaike m'kusindikiza kwake koyamba ndi kwachiwiri, anawalowetsa m'kwachitatu mu 1522. Mukakumana ndi a Mboni za Yehova kapena abale athu Achisilamu pa nkhani ya Utatu Woyera, musayambire pa ndime imeneyi. Amaidziwa mbiri yake kuposa Akhristu ambiri, ndipo ikagwa, omvera amaganiza kuti chiphunzitso chonse chagwa nayo. Mabishopu amene anakangana ndi Arius, wokana kuti Khristu ndi wofanana ndi Atate, ku Nicaea mu 325 sanadalire ndime imeneyi. Yambirani pa Yohane 1:1 ndi 14, Yohane 20:28, Mateyu 28:19, 2 Akorinto 13 ndime yomaliza, ndi Afilipi 2:6 mpaka 11.

Za Chipangano Chakale tidutsa msanga. Kope lathunthu la Chihebri limene omasulira amadalira, Codex ya ku Leningrad, linalembedwa cha mu 1008. Mu 1947 ku Qumran, pafupi ndi Nyanja Yakufa, kunapezeka mipukutu, pakati pake mpukutu wathunthu wa Yesaya wakale kuposa kope lija ndi zaka pafupifupi 1,000. Atafanizira, buku linali lomwelo. Musanene kuti anafanana chilembo ndi chilembo, pakuti si zoona. Pa Yesaya 53:11 mpukutuwo uli ndi liwu loti kuwala limene mulibe m'kope la Leningrad, ndipo Mabaibulo ena atsopano analibwezeramo.

Funso lachiwiri limabuka pamaliro, pamene Akatolika a ku Ludzi kapena ku Guilleme agona pa siwa limodzi ndi a CCAP: bwanji lanu lili ndi mabuku 73, lathu 66? Ena amati Akatolika anawonjezera, ena amati Luther anachotsa. Onse akufupikitsa nkhani. Chipangano Chatsopano n'chimodzi, mabuku 27 mbali zonse. Kusiyana kuli pa mabuku 7 a Chipangano Chakale, Tobiti, Yuditi, Luntha, Sira, Baruki ndi awiri a Amakabeo, kuphatikizapo zigawo zina za Estere ndi Danieli. Mabukuwa analembedwa ndi Ayuda Yesu asanabadwe, ndipo anafika kwa Akhristu pamodzi ndi Baibulo la Chigiriki lotchedwa Septuagint, limene kumasulira kwake kunayambira ku Alexandria m'zaka za m'ma 200 Yesu asanabadwe. Ayuda sanawasunge pa mndandanda wawo wa Chihebri. Jerome, womasulira Baibulo m'Chilatini, ankawaika pa mlingo wotsikirapo, pamene Augustine ndi msonkhano wa ku Carthage wa 397 anawalandira. Mkanganowo ndi wakale chotero. Luther mu 1534 anawaika pakati pa zipangano ziwiri, nati ndi abwino kuwerenga koma si ofanana ndi Malemba. Msonkhano wa ku Trent mu 1546 unatsimikiza kuti kwa Akatolika ndi Malemba. Chodabwitsa kwa ambiri n'chakuti King James ya 1611 inali nawo mabukuwa. Anayamba kusowa m'Mabaibulo a Aprotestanti makamaka bungwe la British and Foreign Bible Society litaleka kulipirira kusindikiza kwake mu 1826. Mipingo ikusiyanadi pa ulamuliro wa mabukuwa, ndipo kusiyanako kuli ndi zotsatira, mwachitsanzo kupempherera akufa kumene kukutchulidwa pa 2 Amakabeo 12. Koma palibe anachita zimenezi usiku.

Pamenepa pamalowa bodza lina lofala, loti mfumu Constantine ndiye anasankha mabuku a m'Baibulo pa msonkhano wa ku Nicaea. Msonkhanowo unakambirana za umulungu wa Khristu, tsiku la Pasaka ndi malamulo a kayendetsedwe ka mpingo. Mndandanda wa mabuku sunali pa zokambirana. Irenaeus anali atanena kale za Mauthenga anayi zaka zoposa 100 Constantine asanalowe ufumu, ndipo mndandanda woyamba wofanana ndendende ndi mabuku 27 athu uli m'kalata ya bishopu Athanasius ya mu 367, Constantine atamwalira kale.

Manambala amasokonezanso pano. M'Mabaibulo otsata kawerengedwe ka Chigiriki ndi Chilatini, salimo la mbusa ndi la 22, osati 23. Ena ali ndi Malaki mutu 4, pamene ena mawu omwewo amawaika kumapeto kwa mutu 3. Lonjezo la kutsanulidwa kwa Mzimu lili pa Yoweli 2:28 kwa ena, pa 3:1 kwa ena. Musanavomereze kuti ndime yasowa, werengani m'mwamba ndi m'munsi.

Lachitatu ndi la kwathu kuno: bwanji Buku Lopatulika likuti Yehova pamene Buku Loyera likuti Chauta? Kodi si kulowetsa zamakolo m'Baibulo? M'Chihebri dzinali limalembedwa ndi zilembo zinayi, YHWH, ndipo limapezeka nthawi zoposa 6,000. Ayuda anasiya kulitchula poopa kulipeputsa, akafika pamenepo ankawerenga Adonai, kutanthauza Ambuye. Alembi anaika mavawelo a Adonai pa zilembo zinayi zija kuti akumbutse wowerenga, ndipo Azungu powerenga zonse pamodzi anatulutsa Jehovah, amene kwa ife anakhala Yehova. Akatswiri ambiri amati katchulidwe kakale kanali Yahweh. Tsono womasulira aliyense ayenera kusankha. William Murray ndi anzake, pamodzi ndi Amalawi amene ankagwira nawo ntchito ku Mvera ndi ku Nkhoma, anasankha Yehova m'Buku Lopatulika la 1922. Omasulira Buku Loyera, Akatolika ndi Aprotestanti pamodzi, limene linatuluka mu 1998, anasankha dzina limene Achewa ankatchulira Mlengi amishonale asanafike. Munthu akhoza kukonda chisankho chimodzi kuposa chinzake, ifenso sitigwirizana tonse pa ichi. Koma amene akuti Chauta ndi dzina lachikunja akumbuke kuti liwu loti Mulungu silinabwere ndi sitima ya amishonale, linali lathu kale. Ndipo atumwi eni ake, pogwira mawu a Chipangano Chakale m'Chigiriki, makope amene tili nawo akusonyeza kuti m'malo mwa dzinali kawirikawiri analemba Kyrios, Ambuye.

Kusiyana kwina pakati pa Mabaibulo awiriwa n'kwa njira chabe. Buku Lopatulika limatsata mawu a chiyankhulo choyambirira mmodzimmodzi, n'chifukwa chake ziganizo zake zina zimalemera pakamwa. Buku Loyera limatsata tanthauzo m'Chichewa choyankhulidwa. Pophunzitsa, werengani ndime imodzi m'onse awiri. Pamene asiyana kwambiri ndi pamene pali liwu lovuta m'Chihebri kapena m'Chigiriki, ndipo pamenepo ndi pofunika kufunsa abusa kapena ansembe amene anaphunzira ziyankhulozo.

Potsiriza pa mafunso pali buku lotchedwa Uthenga wa Barnaba, limene limatchulidwa m'mitsutso ya pamsika ngati Uthenga weniweni umene Akhristu anabisa. Makope ake odziwika ndi a Chitaliyana ndi Chisipanishi, osapitirira kumapeto kwa zaka za m'ma 1500 kubwerera m'mbuyo. Limati Yesu anapita ku Nazarete pa ngalawa, pamene Nazarete ali kumtunda, kutali ndi nyanja. Limati chaka cha Jubile chimabwera pa zaka 100 zilizonse, pamene Levitiko 25 akuti 50, ndipo za zaka 100 zinayamba ndi Papa Boniface VIII mu 1300. Limakananso kuti Yesu ndi Mesiya, chinthu chimene Korani yomwe imavomereza pomutcha Masihi. Nenani izi mwaulemu, popanda kunyoza chipembedzo cha mnzanu, amene mawa mudzakwera naye minibasi imodzi kupita ku Lilongwe. Ngati wina akuti Baibulo linasinthidwa, mfunseni mofatsa kuti liti. Akati pambuyo pa Mtumiki Muhammad, amene anabadwa cha m'ma 570, Sinaiticus ndi Vaticanus zinalipo kale zaka zoposa 200 iye asanabadwe, ndipo zithunzi za masamba a Sinaiticus zili pa intaneti kwa aliyense wofuna kuona.

Kayankhidwe kake tsono. Musayankhe funso lalikulu loti "linasinthidwa", funsani kuti ndime iti, chifukwa ambiri anangomva ndipo alibe ndime. Akaitchula, tsegulani Mabaibulo awiri pambali ndi pambali, wofunsayo awerenge yekha. Pezani mawu a m'munsi. Pa foni sakhala m'munsi, amabisala pa kachizindikiro kakang'ono pafupi ndi nambala ya ndime, ndipo achinyamata ambiri sanakadinepo chiyambire. Kenako onetsani pamene mawuwo ali kwina, ngati alipo, ndipo ngati palibe nenani kuti palibe. Funso likakupambanani, lilembeni papepala pamaso pake, mumuuze tsiku lodzabwera ndi yankho, ndipo mubweredi. Cholakwika chachikulu ndi kulonjeza zoposa umboni, monga kunena kuti tili ndi makope enieni olembedwa ndi dzanja la Paulo. Tilibe, ndipo mwana wa Fomu 4 wokhala ndi bando ya intaneti adzazipeza madzulo omwewo. Makope akale amasonyeza kuti tili ndi zimene atumwi analemba. Kuti zimene analembazo n'zoona ndi funso lina, lofuna zifukwa zake, ndipo tisasakanize awiriwa.

Tikupempha mabungwe a mipingo ndi maparishi kuti m'makalasi a ubatizo ndi a ulimbitso aikemo phunziro limodzi la mbiri ya Baibulo, mphunzitsi atanyamula Mabaibulo osachepera awiri, limodzi lokhala ndi mawu a m'munsi. Mwana ayambe kumva za Marko 16 ndi 1 Yohane 5:7 m'kalasi, kwa mphunzitsi wake, asanakazimve pa Kamwendo.

Akulu a mpingo ndi aphunzitsi a Baibulo,
Kamwendo, Mchinji